Filiji Pamwamba, Towera Pansi

Ine ndimapemphera maso ali tong'o, ndipo sindipepesa kwa munthu. Khalidweli ndinaliyamba tsiku limene ambulera yanga inasowa pamaliro ku Chawama, tonse titatsinzina, abusa ali kalikiliki kuitana angelo. Mulungu amandimva chimodzimodzi. Ndiye zimene ndinaona m'nyumba ya Towera ndinaziona chifukwa mwa amayi onse a Lachinayi, woyang'ana ndinali ine ndekha.

Dzina langa ndine Felistus. Towera ndi mnzanga wa paubwana. Makolo athu anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, natilerera limodzi mu komboni ya Kanyama muno, kumene chilankhulo chathu chinasakanikirana ndi cha eni dziko, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Anali mkazi wapakamwa ngati ine ndemwe. Ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta pamsika, ndipo kondakitala akamulakwira, amene ankatsika m'basi anali kondakitalayo. Kenako sitiroko inamugwetsa pakati pa mabeseni ake. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapindika, mawu n'kumatuluka amodziamodzi, mochedwa. Mwamuna wake anamwalira kale. M'nyumba imene awiriwo anamanga ndi thukuta lawo munalowa mwana wake Dixon ndi mkazi wake Deborah, ati kudzamusamalira.

Ife amayi a Lachinayi a kutchalitchi kwathu tili ndi mwambo wathu woyendera odwala. Timatumiza mawu tsiku loti mawa tikubwera, chifukwa akuti mlendo wabwino sadzidzimutsa nyumba. Tikafika, mabulauzi oyera, maduku oyera, timakhala pabalaza. Kuchipinda sitilowa, ngakhale kusuzumirako, poti chipinda ndi ulemu wa mwini nyumba. Timapereka moni mmodzimmodzi, timaimba, timapemphera, n'kusiya shuga, sopo ndi mabanzi. Mwambo wokongola ndithu. Koma palibe anaganizapo kuti tsiku limene timapatsa nyumbalo ndi lokwanira kusambitsa munthu amene sanaone madzi kuyambira ulendo watha.

Tsiku limene ndinayamba kukayika munali mu Okutobala, dzuwa loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tinapeza Towera atakhazikidwa pasofa atavala juzi ya manja aatali, masokosi ofika m'mawondo, duku litamangidwa mpaka m'nsidze. Nkhope ikunyezimira mafuta. M'nyumba monse munali fungo la perefyumu, koma mphuno yanga inakulira pamsika wa nsomba, siinamizidwa. Pansi pa perefyumuyo panali mkodzo wokhalitsa.

A Sophia, mtsogoleri wathu, ndi amene anayamba moni. “Amake Dixon, mwachoma bwanji?”

Towera anatsegula pakamwa. Milomo inalimbana ndi liwu loyamba. Lisanatuluke, Deborah anali atayankha kale ali kuseri kwa sofa.

“Bachoma bwino, ba mami. Basamba, badya kale, na mankhwala bamwa.”

Wachiwiri anapereka moni, anayankha Deborah. Wachitatu, Deborah. Pofika pa ine ndinagwada pafupi, ndinati, “Towera, ni ine. Uli bwanji iwe?” Iye sanandiyang'ane ine. Maso ake anathamangira kumbuyo, kwa mpongozi wake, n'kubwerera pansi.

“Bali che bwino, ba anti,” anatero Deborah. “Kukamba kubalemesa.”

Ndinanyema banzi limodzi m'pepala lathu n'kumupatsa. Analilanda ndi dzanja lamoyolo ngati ndikufuna kumubweza, theka n'kumeza osatafuna, linalo n'kulowetsa m'juzi. Amayi anaseka. Wina anati ukalamba ndi umwana.

“Mwaona?” anatero Deborah, akusekanso. “Badya manje manje, koma baibala. Mutu wao siuli bwino.”

Ine sindinaseke. Towera amene ndimamudziwa sankadya pamaso pa alendo ngakhale njala imupotokole. Ankati ukadya poyera anthu amawerenga mano ako. Mkazi wotero kubisa banzi m'juzi? Mtima unayamba kundiwawa pomwepo.

Tinaimba. Kenako a Sophia anati titseke maso, ndipo onse anatseka kupatula amene mukumudziwa. Deborah anakweza dzanja kuti asanjike pamutu pa apongozi ake. Dzanjalo lisanafike, Towera anabweza khosi m'mapewa, mkono wake wamoyo n'kuphimba nkhope. Deborah anautsitsa mkonowo mwakachetechete, n'kugwira phewa, ndipo ndinaona zala zake zikumira m'juzi muja mpaka mfundo zinayera. Pakamwa pake pankati ameni, ameni. Towera anayamba kunjenjemera, misozi ili chuchuchu.

Titatsegula maso, a Sophia anaomba m'manja.

“Mwaona mwamene Mzimu wabagwilila? Nyimbo zabafika pamtima!”

Amayi onse anati ameni, ena akupukuta misozi yawo. Anamuyamikira Deborah mpaka anachita manyazi: mpongozi wotere masiku ano umupeza kuti, atsikana a lero amathawa ndi fungo lomwe, Dixon anasankha bwino. Ine ndakhala m'tchalitchi moyo wanga wonse. Ndaona Mzimu ukugwetsa anthu, ukuwaliritsa, ukuwavinitsa. Sindinaonepo Mzimu wophunzitsa munthu kuzinda khofi.

Potuluka ndinapempha madzi akumwa, n'kutsatira Deborah mpaka pakhomo la khichini. Kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba kuli kachipinda kamene Towera ankasungiramo matumba a kapenta. Pachitseko chake panali loko watsopano, wolendewera kunja. Chitseko chimakiyidwira kunja ngati mkati muli katundu kapena mbuzi.

Panjira ndinawauza a Sophia zonse. Sanaime n'komwe.

“Ba Felistus, imwe pakamwa panu pazatichitisa nsoni tsiku lina. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mwana uja akuyesetsa. Mufuna atileke kutisegulila?”

“Atisegulila chani? Atisegulila sofa!”

“Nanga munamvela amake Dixon badandaula?”

“Banakambako liu na limozi?”

“Ni matenda.”

Matenda. Chilichonse ankachiponyera m'dengu limenelo. Kuwonda, matenda. Kulira, matenda. Kusayang'ana anthu m'maso, matenda. Ndinafika kunyumba mutu ukutentha, ndinakalipira mphaka wosalakwa.

Ndinati ndiyambire kwa mwana wake. Dixon amagwira ntchito yokweza matumba a simenti ku mafakitale, ndipo ndinamudikira pamene amatsikira basi. Mnyamata amene ndinamubereka kumsana Towera akapita kukaoda nsomba, lero ndi bambo wa ndevu zake. Anandipatsa moni wa manja awiri, ulemu wonse uli pamalo pake.

“Dixon, amako bagona kuti?”

“Mu nyumba, ba anti.”

“Mu chipinda chiti?”

Anatulutsa foni n'kuyang'ana ngati yalira. Siinalire.

“Ine nichoka kuseni, nibwela nalema. Va ba mami vonse ni Deborah amaziba.”

“Unabaona liti m'maso? Unabagwila liti pa kwanja?”

“Ba anti, musaninvutise. Uja mukazi akakwiya n'kuyenda, ni ndani azabasunga? Imwe?”

Anachoka akupukusa mutu ngati wamisala ndine. Mawu amenewo anafika kwa Deborah tsiku lomwelo. Ndinapita ndekha m'mawa wina, ndinati odi, iye anatsegula chitseko pang'ono chabe, thupi lake litatseka mpata. “Bagona.” Ndinapita masana, bagona. Ndinapita chakumadzulo dzuwa lisanalowe, bagona. Ngakhale khanda limadzuka kuti liyamwe.

Choncho ndinadikira Lachinayi lina. Popereka moni sindinagwire chikhatho chokha. Ndinakankha mkono wa juzi mpaka kumtunda. Mkono unali fupa lokhalokha. Pamwamba pa chigongono panali madontho akuda ondondozana, kuseri kwake lina lalikulu, ndipo pamfundo ya dzanja panali chilonda chozungulira ngati chibangili. Ndinaukweza kuti aliyense aone.

“Ichi n'chani?”

“Banagwa pa bedi,” anatero Deborah msangamsanga, akubweza juziyo.

“Bedi yanu ili na vikumo?” ndinafunsa ndikumuonetsa zala zanga.

Amayi anayang'ana nsapato zawo. Ndinkayembekeza kuti mmodzi, mmodzi yekha, aimirira n'kunena kuti tiyeni tikaone kumene amagona. M'malo mwake Deborah anayamba kulira, ati amadzuka kusanache, amachapa, amaphika, lero akutchedwa mfiti m'nyumba mwake, ndipo amayi onse anathamangira kwa iye kukamusisita kumsana. Towera anatsala yekha pasofa, akundiyang'ana ndi maso amene sindinawamvetse tsiku limenelo. Ndinadzamvetsa ndili panjira: ife tinali kupita kwathu, iye anali kutsala ndi Deborah. Usiku umenewo nsima inandikanika.

A Sophia anandichotsa pagulu loyendera nyumba imeneyo. Anati ndizipita ndi gulu la mbali ya ku Chibolya mpaka mtima wanga utazizira. Mtima wanga si tiyi. Ndinawauza kuti tsiku lina adzavala bulauzi yoyerayo kumaliro a Towera n'kuimba nyimbo zomwezo, ndipo anandiyankha kuti andipempherera.

Ndiye mvula inabwera.

Amene sakhala mu Kanyama sadziwa. Pansi pathu pano ndi mwala, madzi alibe kolowera. Ikagwa yamphamvu, misewu imasanduka mitsinje, zimbudzi zimasefukira, ndipo zonse zimene anthu anataya chaka chonse zimabwerera kudzakupezani m'nyumba. Aliyense amadziwa chochita: kukweza katundu. Nyumba iliyonse ili ndi njerwa zake ndi makileti ake odikira Januwale.

M'mawa umenewo ndinadzuka madzi ali m'akakolo. Ndinakweza thumba la ufa patebulo, mbaula pampando, ndipo ndikukweza matilesi anga ndinaima. Kachipinda ka kapenta kaja ndi kotsika kuposa nyumba yonse. Ndikudziwa chifukwa chaka chilichonse ine ndi Towera tinkatulutsamo matumba tikutukwana mvula. Ndinasiya matilesi, ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'madzi.

Pafupi ndi kwa Towera amakhala Namukolo, mayi wogulitsa makala. Ndinamupeza ataimirira panjerwa, akuphimba matumba ake ndi pepala lapulasitiki.

“Amake Dixon babachosa mu nyumba?”

Anayang'ana kumbali. “Sininaone.”

“Namukolo, chipupa chanu ni chimozi. Umamvela chani?”

“Nimamvela che kulila,” anatero motsitsa mawu. “Na kumenya nthawi zina. Koma ine nine wa lenti, ba Felistus. Niyopa ndeo.”

“Usayende kulikonse. Wilibala yako niifuna.”

Chitseko cha Towera chinali chotsegula, Deborah akukapa madzi ndi ndowa. Kuyambira ndili mwana sindinalowepo m'nyumba ya munthu popanda odi. Amayi anga akanandidula miyendo. Tsiku limenelo ndinangolowa.

Munali mwadongosolo, ndisaname. Filiji inali itakwezedwa panjerwa zosanjikiza. Wailesi yakanema inali pamwamba pa tebulo, tebulolo lili pa makileti. Sofa ija inali m'mwamba, kapeti itapindidwa pamwamba pake. Ngakhale nsapato za Dixon zapatchalitchi zinali zitapachikidwa pamsomali ndi zingwe zake.

“Ba anti! Mungena che so?”

“Towera ali kuti?”

“Bagona.”

Ndinamudutsa. Anandigwira mkono, koma ine ndinakula ndikusenza mabeseni, ndinangomukutumula. Kiyi anali pamsomali pafupi ndi chitseko. A Sophia, mwambo, ulemu wa chipinda, zonse zinadutsa m'mutu mwanga, ndipo ndinatsegula.

Fungo linandimenya pankhope ndisanaone kanthu. Zenera linali lotsekedwa ndi katoni. Maso atazolowera ndinaona matilesi ali pansi, atamira m'madzi akuda aja. Munalibe bedi, bedi limene akuti anagwapo. Towera anali atadzikokera kukhoma, atatsamira chigongono chake chamoyo, khosi atalisomphola kuti pakamwa pasafike madzi. Dzanja lomwelo linali lomangidwa ndi kansalu kuchitsulo cha pazenera. Sanavale kanthu koma chitenje chimodzi chonyowa. Mbale yapulasitiki inkayandama pafupi ndi miyendo yake. Pamwamba, pamsomali, pouma bwinobwino, panali juzi ija, duku ndi masokosi, zochapa, zodikira Lachinayi.

Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani. Akuti anandimva mpaka kumsika.

Ndinagwada m'madzimo n'kumasula kansaluko ndi mano. Thupi lake linali lozizira ngati chitsulo. Pomutembenuza ndinaona msana ndi chiuno: zilonda zotseguka, zina zakuya zoti chala chikhoza kulowa. Milomo inali yong'ambika ndi ludzu, munthu ali pakati pa madzi. Anandiyang'ana n'kuyesa kutchula dzina langa. Linatuluka theka lokha.

“Bamazikwalaula, bamazikanda beka,” anatero Deborah ali pakhomo. “Bamachosa matewela, bamakwawa kuyenda panja. N'chifukwa nimabamanga. Ninali kubwela kubachosa, ninali che nikalibe kusiliza—”

“Filiji anainyamula ni ndani?”

Anayang'ana ndowa yake.

“Nakufunsa! Filiji siinyamulika na munthu umozi!”

“Ine na Dixon. Akalibe kuyenda ku nchito.”

Awiri. Anadzuka awiri, anaona madzi, anagwirizana bwinobwino, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, kusamala kuti isakandike. Mayi wa Dixon ali kuseri kwa khoma akumva.

Pamenepo Deborah anaphulika. Anaponya ndowa m'madzi.

“Imwe mubwela na nyimbo! Na shuga! Ni ndani pali imwe anawashako chitenge olo chimozi cha matuvi? Ni ndani anankhalako nao kuti ine niyende ku maliketi? Dixon sagwila olo kapu, ati ni va bakazi. Bululu bao, babale bao bonse, bali kuti? Nine neka, usiku na muzuba, nine neka! Nalema ine! Nalema!”

Zinali zoona, ndipo zinandibaya. Sopo tinkasiya, koma panalibe mmodzi wa ife amene anamunyowetsapo. Mtsikanayo anali atatopa mpaka m'mafupa. Koma ndinali nditanyamula mnzanga m'manja, wopepuka ngati mtolo wa zovala, ndipo chisoni changa chinalibe malo a anthu awiri.

“Wolema amakuwa,” ndinatero. “Amabwela pa tchalitchi n'kutitukwana tonse. Sagula loko.”

Namukolo anabwera ndi wilibala yake yamakala. Tinayalamo matumba ouma, ndinavula juzi yanga n'kumufunditsa Towera, ndipo tinayamba ulendo wa kukiliniki, iye akukankha, ine ndikukoka kutsogolo ndi chingwe pamene gudumu lamira. Anthu anatuluka m'makomo kudzaonerera. Ena anafunsa ngati ndi maliro. Mayi wina amene timakhala naye benchi imodzi m'tchalitchi anati tikanamuphimba nkhope, tikumuchititsa manyazi.

“Muoneni!” ndinakuwa. “Mwakhala mukutseka maso, lelo muone! Uyu ni Towera wa kapenta, wamene anali kukupasani mbasela, kuonjezela pa mbale yanu!”

Namwino wa kukiliniki sanataye nthawi. Anaona zilonda, anaona mkono, anatsina khungu la padzanja n'kuona kuti silikubwerera, ndipo nkhope yake inauma. Anatitulutsa tonse, ine ndemwe, ati wodwala amafunsidwa ali yekha. Ndinakwiya kutulutsidwa, koma ndili panja ndinazindikira kuti chinali chinthu choyamba chanzeru chimene munthu anachitira Towera chidwalireni. Anamutumiza kuchipatala chachikulu chifukwa chibayo chinali chitalowa kale, ndipo anaitana a boma oona za nkhanza za m'mabanja. Iwo analemba zawo n'kukafunsa mafunso kunyumba kuja.

Towera ndi wamakani, sanafe. Atatulutsidwa ndinamutengera kwanga, zipinda ziwiri zokha, bedi langa ndinamupatsa ine n'kugona pansi. Si ntchito yamasewera, ndivomere. Kumutembenuza, kumutsuka zilonda, kumudyetsa phala ndi kasupuni iye akulavula poti mchere wachepa. Tsiku lina ndinatopa mpaka ndinatuluka panja kukatukwana khoma. Koma ndinapita kutchalitchi n'kuimirira pakati pa chilengezo, ndinati amene akufuna kuona Towera abwere ndi manja, nyimbo azisiye pakhomo. Anabwera owerengeka, Namukolo yemwe sapemphera nafe n'komwe anali woyamba.

Masaya anayamba kubwerera. Mawu nawo ankabwera, ukamupatsa nthawi. Tsiku lina anandiuza kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira makapu, ndipo ndinalira ndi chimwemwe.

Kenako Loweruka lina masana ndinamva odi. Anali Dixon atavala malaya oyera, ndi a Sophia kutsogolo kwake ngati mkhalapakati.

Ndinadziwa chimene abwerera, ndipo ndinachita mantha. Ine si m'bale wa Towera. Sitili pachibale cha magazi, cha ukwati, ngakhale cha mfunda. Pamwambo wathu mayi ndi wa mwana wake, ndipo mwana akati ndabwera kudzatenga amayi anga, mnansi amangothandiza kumanga katundu. Akanamunyamula tsiku limenelo, Kanyama yense akanati wachita bwino.

Towera anali pampando pafupi ndi khomo, akuwothera dzuwa. Atamuona mwana wake, dzanja lake linagwira chitenje changa.

A Sophia analankhula nthawi yaitali. Anati kulakwa n'kwa munthu, kukhululuka n'kwa Mulungu. Anati Deborah walapa, wasala kudya, ndipo chipinda chakonzedwa, mwaikidwa bedi. Anati anthu akulankhula, dzina la banja likuipa, dzina la gulu lathu likuipa, ndipo nkhani ya kubomayi ikhoza kumuchotsetsa ntchito mwanayu. Mawu onsewo ankalankhula akuyang'ana ine.

“Ni amai banga, ba anti,” anawonjezera Dixon. “Banthu baniseka ku nchito, ati amako basungiwa na neba. Tabwela kubatenga.”

“Mukamba na ine chifukwa chani? Nine wamene mufuna kunyamula? Mwine wake uyu apa. Mufunseni.”

A Sophia anatsokomola. Anatembenuka pang'onopang'ono ngati khosi lawo lauma.

“Amake Dixon, mufuna kubwelela ku nyumba kwanu?”

Towera anatsegula pakamwa. Milomo inayamba nkhondo yake ija.

“Bafuna,” anatero Dixon. “Ni nyumba yao, ba—”

“Khala chete iwe!” Ndinamenya tebulo mpaka supuni zinadumpha. “Tizayembekeza olo kuche, olo kufika mailo.”

Tinadikira. Panja wina ankakapa madzi ndi chitini. Thukuta linatuluka pamphumi pa Towera, malovu akutsika mbali yakufayo, ndipo sindinamupukute poopa kumusokoneza. Anamuyang'ana mwana wake m'maso, koyamba chifikireni.

“Nyumba,” anatero. Anapuma. “Tenga.”

Anameza, n'kupumanso.

“Ine… undisiye.”

Nyumba imene anaimanga ndi kapenta wa m'mbale zing'onozing'ono, akusenza mchenga pamutu ali ndi pakati pa mwana yemweyu. Ndinafuna kukuwa kuti ayi, Towera, usamupatse ngakhale msomali. Koma ndinali nditangonena kumene kuti mwini wake alankhule, ndiye ndinaluma lilime.

Ndinamuyang'ana Dixon. Ngakhale ndinali nditamukwiyira chotani, pansi pamtima ndinkadikira kuti agwe pansi, agwire miyendo ya amayi ake, anene kuti nyumba n'chiyani, ndikufuna inu. Ndikanamutukwana, koma ndikanamupatsa mpando. Iye anakanda ndevu. Mapewa ake anatsika ngati munthu amene watula thumba la simenti. Kenako anatembenukira kwa a Sophia.

“Mwamvela mweka, ka? Bakamba beka. Muzankhala mboni.”

A Sophia anawerama n'kuyamba kukonza duku lawo.

Dixon anaimirira, anasansa fumbi limene panalibe pathalauza lake, anati zikomo ba anti, musale bwino ba mami, n'kutuluka. Panjira panali padakali madzi, ndipo tinamuona akudumpha mwala ndi mwala, manja atatambasula, kusamala nsapato. Sanacheuke.

Ine ndinali nditadzaza m'kamwa ndi matemberero, ena amene sindinawagwiritsepo ntchito chibadwire. Ndinatembenuka kuti ndiyambe, ndipo ndinapeza Towera atasomphola khosi, akumutsatira ndi maso mpaka anakhota paseri pa shopu. Milomo yake inayambanso kugwedezeka. Ndinawerama kuti ndimve, ndikuganiza kuti pakamwa pa mnzanga wakale pabwerera, amutsanzika ndi liwu loyenera.

“Waonda,” anatero. “Mwana… sakudya.”

Ndinatuluka panja, ndinatenga poto amene ndinali nditamutsuka kale, n'kuyamba kumukwecha ndi mchenga mpaka zala zinatuluka magazi.